Kodi Mnyamata wa Nambala 1 Ali ndi Ngongole kwa Yani?

Caka ciliconse m'mwezi wa Novembala, ku Australia kumakhala anyamata a zaka 18 amene amakhala pansi pamodzi ndi makolo awo kuyembekeza kumva kumene adzayamba kukhala sabata lamawa. Sasankha mzinda, sasankha abwana, ndipo ngakhale malipiro awo oyamba analembedwa kale iwo asanafunsidwe. Dzina la mnyamata likangochulidwa amamupatsa malaya a timu imene yamutenga, amamujambula akumwetulira, ndipo patapita masiku ocepa cabe alonga katundu. Wina amangosamukira mbali ina ya mzinda wakwawo. Wina amakwera ndeke kupita kumalekezero ena a dziko, kumene alibe ngakhale msuweni.

Acinyamata anzanga, mpira umene ndinena pano si bola ija tiidziwa ife. Ndi mpira wa ku Australia kweni-kweni, umene unabadwira mumzinda wa Melbourne m'zaka za m'ma 1850. Bwalo lake ndi lalikulu ndipo linazungulira ngati dzira, mpira wakenso uli ngati dzira, mbali iliyonse imakhala ndi osewera 18, ndipo amaloledwa kuugwira ndi manja, kuumenya ndi cibakera ndi kuuchaya ndi mwendo. Ligi yaikulu amati AFL. Ili ndi matimu 18, ndipo ya 19, ya pa cilumba ca Tasmania, iyembekezeka kulowa mu 2028. Mwa mwambo, masewera otsiriza olimbirana cikho amacitikira pa bwalo la Melbourne Cricket Ground, limene limalowa anthu pafupi-fupi 100,000. Sindifuna kukuphunzitsani malamulo a masewerawa. Ndifuna kuti tiganizire pamodzi funso limene ocemerera a kumeneko amakanganirana caka ndi caka, kawiri-kawiri osadziwa kuti ndi funso la makhalidwe: kodi munthu ali ndi ngongole ya kukhulupirika kwa anthu amene iye sanawasankhe?

Ife tinazolowera kuti wosewera amapita kumene kuli ndalama ndi mwayi. Pamene Kalusha Bwalya anacoka ku Mufulira Wanderers kupita ku Cercle Brugge ya ku Belgium mu 1985, panalibe codabwitsa: timu inaitana, wosewera anavomera, napita. Ku AFL mnyamata woyamba kumene salowa motero. Kuyambira mu 1986 kuli dongosolo limene amati draft. Anyamata onse ofuna kulowa mu ligi amalembetsa maina awo pa mndandanda umodzi, ndiyeno matimu amasankhapo mosinthana. Timu imene inathera pansi peni-peni caka cimeneco ndiyo iyamba kusankha, yotsatana nayo isankha kaciwiri, ndipo imene inatenga cikho isankha pambuyo pa onse. Palinso malire a ndalama zimene timu imodzi ingalipire osewera ake onse pamodzi, kuopera kuti yolemera ingasonkhanitse akatswiri okha-okha.

Tisafulumire kunyoza dongosololi, pakuti colinga cake ndi cabwino ndithu. Inu amene mumatsatira bola ya ku Ulaya mudziwa kuti m'maligi ena, masewera asanayambe n'komwe, mungachule matimu awiri kapena atatu amene adzalimbirana cikho, ndipo simudzaphonya. Ku AFL timu ya Sydney inatenga cikho mu 2005 itakhala zaka 72 osacikhudza. Western Bulldogs inacitenga mu 2016, koyamba kucokera mu 1954. Richmond inacitenga mu 2017 pambuyo pa zaka 37, ndipo Melbourne mu 2021 pambuyo pa zaka 57. Sindinena kuti draft yokha ndiyo inacita zonsezi, koma mwana wocemerera timu yofooka ku Australia ali ndi cifukwa ca kuyembekeza cimene mnzake wa m'maiko ena alibe.

Koma cilungamo ca pakati pa matimu cili ndi wocilipira, ndipo wolipirayo ndi mnyamata uja. Kucokera ku Melbourne kufika ku Perth ndi makilomita pafupi-fupi 2,700 pa ndeke, ndiko kunena kuti ulendo wa ku Chipata kucokera ku Lusaka kuuwirikiza kanayi, kotsala nkukhalapobe. Mu 2023 Harley Reid, mnyamata wa m'katauni ka Tongala m'cigawo ca Victoria, anasankhidwa pa nambala 1 ndi timu ya West Coast ya ku Perth, ndipo asanachaye mpira ngakhale kamodzi anthu anali atayamba kale kukambirana kuti adzabwerera liti kwawo. Mu 1991 masewera ena a ku Australia, a rugby league, anayesa dongosolo lofananako. Osewera anakasuma, ndipo khoti linagamula kuti limawatsekereza mosayenera pa nchito yawo. La AFL likalipo cifukwa bungwe la osewera limalivomera m'mapangano ake ndi ligi.

Wina anganene kuti ife kuno zotere tizidziwa. Mphunzitsi kapena namwino amene wangotsiriza kumene maphunziro amatumizidwa ndi boma ku Chama kapena ku Shang'ombo, iye asanaganizeko za kumeneko, ndipo timavomereza cifukwa ana a kumidzi nawonso afunika mphunzitsi. N'zoona, ndipo fanizoli lindithandiza kuona kuti kutumizidwa kumene sunasankhe si coipa mwa iko kokha. Kusiyana kuli pa zimene zimatsatira. Mphunzitsi akagwira nchito caka cimodzi kapena ziwiri nkupempha kuti amusamutsire kufupi ndi amayi ake, makolo a ana amadandaula, koma palibe khamu la anthu masauzande ambiri limene limasonkhana kudzamukuwiza.

Tsono tiyeni tibwere ku mwezi wa Okutobala. Masewera akatha, pamakhala masiku okwana sabata ndi theka a kusinthanitsa osewera. Timu sigula wosewera ndi ndalama kwa inzake. Zimene amapatsana ndi osewera ndi manambala a pa draft. Timu imanena kuti, tipatseni uje, ife tikupatsani nambala 8 ndi nambala 27. Kuyambira mu 2015 amaloledwa kusinthanitsa ngakhale manambala a draft ya caka camawa. Taganizani: pamenepo akusinthanitsa mnyamata amene akali pa sukulu, wa zaka 17, amene iwo eni sanadziwe n'komwe kuti ndi uti. M'caka comweco ligi inaika mapointi pa nambala iliyonse, nambala 1 nkuipatsa mapointi 3,000, zotsatira nkumacepera-cepera. Anatero kuti athandize pa lamulo lina la kusankha, koma ocemerera anaugwira mndandandawo ngati mitengo ya pa msika.

M'masiku amenewa nyuzipepala, wailesi ndi intaneti zimadzaza ndi nkhani imodzi, ndipo anthu wamba amakhala akuwerengetsera mpaka usiku. Mukamvetsera kalankhulidwe kawo mudzamva zonga izi: uje wakalamba, tiyeni timutulutse mtengo wake usanagwe, uje ali ndi bondo loipa, tingamupeze mochipa, uje ngwabwino, koma sakwana nambala ya m'gawo loyamba. Munthu wa zaka 29 amanenedwa ngati ng'ombe imene yayamba kuguluka mano. Sindiwaweruza kwambiri anthuwa, cifukwa kuwerengetsera kumakoma, ndipo aliyense wa ife anakhalapo pansi pa mtengo kusankha timu ya dziko bwino koposa mphunzitsi wake. Cimene cindivuta ndi cakuti anthu omwewo, ndi pakamwa pomwepo, amafunanso kuti wosewera awakonde ngati abale ake.

Nkhani ya Jason Horne-Francis ionetsa bwino zimenezi. Iye anakulira ku South Australia, ndipo mu 2021 anasankhidwa pa nambala 1 ndi North Melbourne, timu imene inathera pansi. Atasewera caka cimodzi cokha anapempha kuti amusinthanitse apite ku Port Adelaide, kufupi ndi banja lake. Zinatheka mu Okutobala 2022, pa mgwirizano umene unakhudza matimu anayi. M'caka cotsatira anthu anali kumukuwiza pa mabwalo, ngakhale ocemerera matimu amene nkhaniyo sinawakhudze konse, kufikira mphunzitsi wake, Ken Hinkley, anadzudzula poyera mcitidwewo. Pa nthawiyo mnyamatayo anali ndi zaka 19.

Tisanamuikire kumbuyo, timve kaye mlandu wa omukuwizawo, pakuti si wopanda nzeru. Iwo akuti: timu yathu inavutika caka cathunthu, tinagonja sabata ndi sabata, ndipo citonthozo cathu cokha cinali nambala 1. Tinakupatsa iwe. Unasaina pangano la zaka ziwiri. Ngati mnyamata aliyense wabwino athawa timu yofooka pakatha caka, ndiye kuti draft ilibenso nchito, ndipo ofooka adzakhala ofooka mpaka kale-kale. Akutinso: nanga ife tinasankha? Ambiri a ife tinabadwira m'timu imeneyi, tinaitenga kwa agogo, ndipo ngakhale igonje zaka makumi atatu sitisamuka. Wosewera amabwera nkupita, mphunzitsi amacotsedwa, koma mayi wokalamba wa mpango wa mizere yoyera ndi yabuluu amakhala pa mpando womwewo nyengo yonse yozizira. Cisoni ca mayi ameneyu si cabodza, ndipo amene aciseka sanakondepo kanthu.

Mfundo yawo yolemera koposa ndi iyi: zinthu zambiri zimene tili nazo ngongole sitinazisankhe. Palibe anasankha makolo ake, mtundu wake, kapena dziko lobadwiramo, koma mwana amene anena kuti, sindinapemphe kubadwa, motero sindisamala za amayi, timamuona ngati wotayika. Ngati tili ndi mangawa kwa makolo amene sitinawasankhe, bwanji mnyamata asakhale ndi mangawa kwa timu imene sanaisankhe?

Apa mpamene ine ndisiyana nawo. Ngongole imene tili nayo kwa makolo sicokera pa kusasankha. Icokera pa zimene anatipatsa kwa zaka zambiri tisanathe kubweza kanthu, ndiponso pa mfundo yakuti cibale cimamanga mbali zonse ziwiri. Mayi satulutsa mwana m'nyumba cifukwa wathyoka bondo, ndipo tate sapita kwa mnansi kukanena kuti, tengani wanga wamkuluyu mundipatse ang'ono awiri. Timu imacita zimenezi caka ciliconse, ndipo imaloledwa. Kumapeto kwa nyengo iliyonse matimu onse amafafaniza maina ena pa mndandanda wawo kuti apeze malo a anyamata atsopano, ndipo ambiri ofafanizidwawo amakhala a zaka zongopitirira 20, amene anasiya zonse cifukwa ca mpira. Za iwowa nyuzipepala imalemba mzere umodzi.

Ngakhale akatswiri sapulumuka. Mu 2020 timu ya Collingwood inapeza kuti malipiro a osewera ake ali pafupi kupyola malire aja. Adam Treloar, amene anali ndi pangano la zaka zina zisanu ndipo ananena poyera kuti afuna kukhala, anakankhidwa kupita ku Western Bulldogs. M'caka comweco Brodie Grundy anasaina ndi Collingwood pangano la zaka zisanu ndi ziwiri. Mu 2022 anasinthanitsidwa kupita ku Melbourne, ndipo mu 2023 anapitirira ku Sydney. Lamulo la AFL limati wosewera sangasinthanitsidwe iye asanavomere, ndipo pamenepa ali bwino koposa osewera ambiri a ku America. Koma munthu akauzidwa ndi abwana ake kuti pano sakufunikanso, kuvomera kwake kumakhala kotani? Ocemerera ena a Collingwood anakwiya naco cimene cinacitikira Treloar, tiwayamikire. Ambiri m'matimu onse, wosewera akakankhidwa motere, amangoti ndi malonda, timu iyenera kuyang'ana kutsogolo. Wosewera akayang'ana kutsogolo kwake, mau amasintha: wapanduka, ndi wadyera, alibe mtima.

Sindinena kuti mnyamata wosankhidwa alibe ngongole iliyonse. Ali nayo, ndipo ndi yoonekeratu. Ali ndi ngongole ya nchito: kubwera pa nthawi, kuseweretsa thupi lake lonse malinga akali kuvala malaya amenewo, osasunga mphamvu cifukwa mtima uli kwina. Ali ndi ngongole ya coonadi: ngati afuna kucoka anene poyera, osalumbira pa wailesi kuti adzafera pamenepo pamene m'thumba muli kale kalata ya kwina. Ali ndi ngongole kwa anzake a m'timu amene anamulandira m'nyumba zawo, pakuti anyamata ocokera kutali kawiri-kawiri amasungidwa ndi mabanja kapena osewera akulu. Ndipo dzina limene anasaina lili ndi kulemera kwake. Pa mfundo imeneyi Horne-Francis ali ndi cakuyankha, cifukwa caka cimodzi cinali citatsala. Komabe pangano limene munthu sanaloledwe kukambirana, lokhala ndi mau ofanana kwa anyamata onse, silimanga cikumbumtima mofanana ndi lonjezo limene munthu wamkulu wapereka mwa kufuna kwake. Ndiponso iye sanathawe usiku. Anapempha, timu inavomera, ndipo inalandira malipiro ake: pa draft ya 2022 North Melbourne inatenga Harry Sheezel ndi George Wardlaw, ndipo Sheezel anapata mphoto ya wosewera watsopano wopambana onse mu 2023.

Cimene mnyamata alibe naco ngongole ndi cikondi. Cikondi ca pa malo cimamera pang'ono-pang'ono, pamene anthu akusunga bwino, ndipo sicingalembedwe m'pangano. Ligi nayonso idziwa kuti kwawo kwa munthu ndi kanthu, cifukwa inasiya khomo lina lotseguka: ngati tate anasewera masewera 100 m'timu ina, timuyo ili ndi mwayi woyamba wa kutenga mwana wake. Ndi mmene Gary Ablett wamng'ono analowera ku Geelong mu 2001, ndi Nick Daicos ku Collingwood mu 2021. Ngati n'koyenera kuti mwana wa katswiri asewere kumene kuli mtima wa banja lake, n'cifukwa ciani cikhala camanyazi kuti mwana wa munthu wamba alakelake zomwezo? Kuyambira mu 2012 wosewera amene watumikira timu imodzi zaka zisanu ndi zitatu, pangano lake likatha, ali ndi ufulu wokambirana ndi timu imene afuna. Zaka zisanu ndi zitatu ndi zambiri m'masewera amene thupi limatha msanga, ndipo oculuka safikako.

Kupembedza manambala kumaononganso ocemerera eni ake. Popeza wothera pansi ndiye ayamba kusankha, pamafika nthawi imene anthu amalakalaka kuti timu yawo igonje. Mu 2009 Melbourne inapambana masewera anayi cabe, nkupeza nambala 1 ndi nambala 2. Ligi itafufuza, inalengeza mu 2013 kuti sinapeze kuti timuyo inagonja dala, komabe inailipiritsa madola 500,000 a ku Australia ndipo inaimitsa akulu-akulu awiri amene anali kuiyang'anira pa nthawiyo. Mnyamata wa nambala 1 uja, Tom Scully, anacoka patapita zaka ziwiri.

Ndiponso manambalawo sadziwa munthu. Kumapeto kwa 2007 Chris Judd, kaputeni wa West Coast amene anaitsogolera ku cikho mu 2006, anapempha kubwerera kwawo ku Melbourne, ndipo anapita ku Carlton. West Coast inalandira nambala 3, nambala 20, ndi mnyamata wina dzina lake Josh Kennedy amene anali atasewera masewera 22 okha. Maso a anthu onse anali pa Judd, ndipo sanawakhumudwitse, pakuti mu 2010 anapatanso mendulo ya Brownlow, ya wosewera wopambana mu ligi yonse. Koma mnyamata woonjezera uja ndiye anadzakhala womwetsa zigoli zambiri koposa wina aliyense m'mbiri ya West Coast, zoposa 700, ndipo anatenga nayo cikho mu 2018, pamene Carlton sinacione kucokera mu 1995. Kufikira lero anthu akali kukangana kuti anapindula ndani. Ine ndiona kuti Judd anapita kwawo, Kennedy nayenso, pokhala mwana wa ku Western Australia, anapita kwawo, ndipo onse awiri anagwira nchito yawo mokhulupirika kumene anafikira.

Pali mnyamata mmodzi amene ndifuna kuti mumudziwe, cifukwa ananyamula zonse ziwiri, nambala ndi mtengo. Tom Boyd anasankhidwa pa nambala 1 mu 2013 ndi Greater Western Sydney, kutali ndi kwawo ku Melbourne. Patapita caka cimodzi anasinthanitsidwa kupita ku Western Bulldogs, imene inapereka kaputeni wake, Ryan Griffen, pamodzi ndi nambala 6, ndipo inamupatsa pangano la zaka zisanu ndi ziwiri limene nyuzipepala zinati linali la madola pafupi-fupi 7 miliyoni. Anali ndi zaka 19. Kuyambira tsiku limenelo sanaonedwenso ngati mnyamata amene akuphunzira nchito. Akaphonya mpira anthu anali kuwerengetsera kuti kuphonyako kwadya madola angati, ndipo dzina lake silinali kuchulidwa popanda mtengo wake pambali.

Mu 2016, pa masewera otsiriza, Boyd anasewera bwino koposa masiku ake onse. Anamwetsa zigoli zitatu, cimodzi ca izo anacichayira pakati peni-peni pa bwalo masewera ali pafupi kutha, ndipo Bulldogs inatenga cikho cimene inaciyembekeza zaka 62. Ambiri ananena kuti tsopano wabweza ndalama zathu. Caka cotsatira anapempha kuti apumuleko, ndipo timu inalengeza kuti akulandira cithandizo pa matenda a kuvutika maganizo. Iye mwini pambuyo pake anafotokoza za kusowa tulo kwa masabata ambiri. Msana nawonso unali kumuvuta. Mu Meyi 2019 anauza anzake kuti waleka mpira. Anali ndi zaka 23, anali atasewera masewera 61, ndipo pa pangano lake panali patatsala zaka zoposa ziwiri za malipiro, zimene anazisiya.